Mukapereka dandaulo kwa khansala, mumamva bwanji kuti nkhani yafika pati?

Nachisale:
Abale ndifunseko apa poti gulu lino muli anthu a madera osiyanasiyana. Mukakanena vuto la m'dera kwa khansala, kaya paipi yaphulika, kaya ngalande yatsekeka, magetsi a mumsewu athima, zinyalala zaunjikana osatola, maenje mumsewu, pambuyo pake mumadziwa bwanji kuti nkhani ija ili pati? Sindikufunsa zoti amakonza kapena sakonza, imeneyo ndi nkhani ina. Ndikufunsa za kuuzidwa. Ine ndaona kuti chimene chimatipweteka ambirife si kuchedwa kwenikweni koma ziii uja, munanena, anati talandira, kenako palibenso woyankhula, mpaka umayamba kudzikayikira kuti kodi ndinanenadi kapena ndinalota.

Chimz:
Kkkkk achemwali mwayamba nkhani yowawa. Wathu yankho lake ndi kachala kaja kokweza m'mwamba basi 👍 ukafunsanso sabata inayo kachala komweko. Tinayamba kuwatchula a Chala.

Bambo a Tadala:
Ine ndiyamikireko wathu pang'ono, sikuti ndinamuvotera ayi. Mayiyu lamulungu lililonse madzulo amaponya meseji imodzi yaitali pa gulupu ya wodi. Mumakhala mndandanda wa mavuto onse amene anthu ananena, lililonse ndi nambala yake ya ku khonsolo, tsiku limene linanenedwa, ndi pamene lafika. Ena amalemba kuti apita kukaona, ena akudikira zipangizo, ena atha, ena amalemba poyera kuti uyu wakanika chaka chino palibe ndalama. Ndiye zinthu sizikonzeka zonse, olo theka mwina sizifika, koma phokoso pa gulupu linachepa kwambiri chifukwa munthu usanafunse umangoyang'ana meseji ya lamulungu nkuona kuti ngalande yathu ija ndi nambala 7 ndipo akuti akudikira kalavati.

Nangozo:
A Bambo a Tadala mwina ndi achibale anu amenewo kkk. Khansala wolemba yekha kuti zakanika? Sindinamuonepo.

Bambo a Tadala:
Ayi amayi, olo dzina langa sakulidziwa. Chimene ndaona nchakuti anthu akauzidwa zoona amakwiya tsiku limodzi, akabisiridwa amakwiya mpaka pa chisankho.

Kalaliki Wakale:
Ndilowererepo poti ndinagwirako ntchito mu ofesi yolandira madandaulo zaka zambiri ndithu. Choyamba chimene anthu ambiri sazindikira nchoti khansala alibe fosholo, alibe lole, alibe anyamata ogwira ntchito. Iye ndi wosankhidwa, ntchito yake kukhala m'makomiti, kuvomereza bajeti, kuyang'anira kuti ofesi ikugwira ntchito, ndi kuyankhulira anthu ake. Ogwira ntchito amamvera mabwana awo, dayilekitala wa zomangamanga, wa zaumoyo, ndi mkulu wa khonsolo. Khansala sangalamule dalaivala wa lole kuti mawa upite uko, akatero ndiye kuti akulowerera ntchito za eni ake ndipo m'malo ambiri malamulo amaletsa zimenezo.

Nde dandaulo likafika limayenda chonchi. Limalembedwa nkupatsidwa nambala. Wina amapita kukaona ngati ndi zoona komanso kukula kwake. Kenako amaliika pa mzere malinga ndi kuopsa kwake, dzenje la pamsewu waukulu pamene pamadutsa ma ambulansi silingafanane ndi la kanjira ka kuseri. Akatero pamatuluka pepala lolamula ntchito, ngati zipangizo zilipo anyamata amapita, ngati palibe nkhani imapita kwa ogula zinthu ndipo kumeneko ndi kumene miyezi imathera, makoteshoni atatu, komiti ikhale, wina asaine, wosainayo ali kumsonkhano. Pa sitepe iliyonse pamenepa pali munthu amene akudziwa pamene nkhani ili, koma palibe amene ntchito yake ndi kubwereranso kwa wodandaula uja kukamuuza. Mpata umenewu ndi umene khansala wabwino amatseka. Woipa amangolandira dandaulo, kuliponya kwa ofisala pa foni pakamwa chabe, nambala osatenga, ndiye mukamufunsa naye sadziwa, nchifukwa chake amakupatsani kachala kaja a Chimz.

Nangozo:
Nde ngati alibe fosholo bwanji pa kampeni amati ndidzakukonzerani msewu? Bwanji sanena kuti ndidzakukumbutsirani kwa okonza msewu?

Chimz:
Kkkkk amayi mungavotere munthu woti ndidzakukumbutsirani?

Nangozo:
Panopa inde. Bola wokumbutsa woona kusiyana ndi wokonza wabodza.

Mphunzi_K:
Nkhani imeneyi maiko ena anailimbana nayo kale ndipo pali zimene tingaphunzirepo. Ku Britain kuli tsamba lotchedwa FixMyStreet, linayamba 2007, analipanga ndi bungwe la mySociety. Umaloza pa mapu pamene pali vuto, kujambula chithunzi, kulemba mawu pang'ono, ndiye tsambalo limatumiza lokha ku khonsolo yoyenera. Zimenezo nzofunika chifukwa madera ambiri a ku England ali ndi makhonsolo awiri osanjikana, ina imaona misewu ina imatola zinyalala, nde munthu wamba sadziwa kuti dzenje ndi la ndani. Koma chachikulu chimene ndimachikonda nchoti lipoti lija limakhala poyera. Aliyense atha kuona kuti dzenje ili linanenedwa kale tsiku lakuti, atha kulembapo kuti lakula kapena akonza, ndipo pakatha masabata anayi tsambalo limamufunsa amene ananena uja kuti kodi akonza? Ndiye kuti mawu omaliza sakhala a khonsolo okha. Makhansala ambiri kumeneko amangotenga malipoti omwewo a m'wodi mwawo nkumawalondola, nkumauza anthu pa Facebook kapena pa timapepala timene amaponya pamakomo. A chipani cha Liberal Democrats amadziwika ndi kapepala kotchedwa Focus, nkhani zake zimakhala zomwezi, dzenje lakuti, basi yakuti, paki yakuti.

Pulogalamu yake ndi yaulere kuti wina aitengere, moti ku Norway anapanga yawo FiksGataMi mu 2011, mzinda wa Zurich ku Switzerland nawo uli ndi yawo.

Chimz:
Amwene zimenezo ndi za anthu oti intaneti ili m'nyumba ngati madzi. Agogo anga aloze pa mapu?

Mphunzi_K:
Dikirani kaye man sindinamalize kkk. Si zonse zofuna foni yamakono. Ku America anayamba ndi nambala yoimba chabe, 311, mzinda woyamba unali Baltimore mu 1996 pofuna kuchepetsa anthu oimba 911 pa nkhani zosakhala zangozi, New York inatsatira mu 2003 nthawi ya meya Michael Bloomberg. Ukaimba amakupatsa nambala ya dandaulo lako yoti uzifunsira. Ndipo ku Maputo anapanga njira yotchedwa MOPA ya nkhani za zinyalala, munthu amanena pa kafoni kamabatani pongodina manambala monga mmene timaonera mayunitsi otsala, nkumalandira meseji nkhani ikasuntha. Nde chinsinsi si mapu ayi. Ndi nambala, ndi kubwereranso kwa munthu uja.

Gogo Nasibeko:
Ana inu ndikuwerenga ndithu, mdzukulu anandiikira zilembo zikuluzikulu. Ine ndinene za anzanga amene sali pa magulupu anuwa. Alipo ambiri, ena foni alibe, ena ali nayo koma bandulo amagula pa mwezi kamodzi, ena kuwerenga kumavuta maso. Khansala akaponya pa WhatsApp amaona ngati wauza wodi yonse pamene wauza anthu amene ali ndi foni basi. Ndipo amene amavutika kwambiri madzi akasiya ndi omwe aja osamva uthengawo. Ine ndimakonda msonkhano, munthu ndimuone nkhope pamene akundiyankha. Komanso pepala lomata pamalo pamene anthu amadutsa, pa sukulu, pa chipatala, pa malo opempherera. Pepala silifuna bandulo.

Nachisale:
Zoona agogo. Koma misonkhanonso ili ndi vuto lake, imaitanidwa lachitatu 10 koloko m'mawa anthu ali ku ntchito, ndiye obwera amakhala omwe aja nthawi zonse, ndipo theka la nthawi limathera malonje ndi kutchula maudindo. Zikafika pa mafunso akuti nthawi yatha.

Gogo Nasibeko:
Apo wanena mwanawe. Malonje okha ola lathunthu.

Mphunzi_K:
Ku Britain komweko makhansala ambiri amakhala ndi tsiku lodziwika, mwina kamodzi pa mwezi, amakakhala mu laibulale kapena mu holo, aliyense amangolowa nkukamba naye payekha popanda malonje. Ku South Africa lamulo la 1998 la Municipal Structures Act linakhazikitsa makomiti a wodi, khansala ndiye wapampando ndipo mamembala ena sapitirira 10, cholinga chake uthenga uziyenda mbali zonse ziwiri. Ku India nakonso kusintha kwa malamulo kwa 1992 kunalamula makomiti a mawodi m'mizinda ya anthu 300,000 kupita m'mwamba. Pa pepala zonsezi nzabwino. Funso ndi lakuti mamembala aja akatuluka mu komiti amakauza ndani.

Kalaliki Wakale:
Amakauza akazi awo kkk. Ayi koma kunena zoona komiti imagwira ntchito ngati membala aliyense ali ndi chigawo chake chodziwika ndipo anthu akumudziwa. Ikakhala yodzaza ndi anyamata a chipani cha khansala imasanduka gulu loombera m'manja.

Injiniya_Mai2:
Ndiyankhuleko mbali ya ife amene timapita kukaona malo, chifukwa timatukwanidwa kwambiri pa magulupu. Madandaulo ambiri amafika osamveka. Munthu amalemba kuti magetsi athima kwathu kuno. Kwanu kuti? Polo iti? Mapolo ambiri amakhala ndi nambala yolembedwa, mutatipatsa imeneyo ntchito imafupika. Kapena akuti paipi yaphulika pafupi ndi mtengo waukulu uja, ife mtengowo sitikuudziwa. Khansala wodziwa ntchito amaphunzitsa anthu ake kanenedwe, malo enieni, chithunzi choonetsa ndi chinthu chodziwika pambali, vuto linayamba liti, ndi nambala ya munthu woti tikafika atilondolere.

Chachiwiri, dzenje limodzi limanenedwa ndi anthu 30 aliyense payekha, aliyense nambala yake. Ndiye mu kompyuta zimaoneka ngati maenje 30. Wina amakhala pansi kutseka 29 kuti ndi obwereza, nde anthu 29 aja amalandira meseji yoti nkhani yanu yatsekedwa pamene dzenje likadali pompo. Mkwiyo wake mukuudziwa. Apa khansala akanangolengeza kuti abale dzenje la pamphambano lija nambala yake ndi iyi, tonse tizilondola imeneyi, bwenzi zili bho.

Chachitatu, zinthu zina si za khonsolo nkomwe. Getsi la mumsewu likathima chifukwa babu lapsa ndi lathu, koma likathima chifukwa waya wobweretsa moto wawonongeka pansi nthawi zambiri ndi za kampani ya magetsi. Msewu wina ndi wa boma lalikulu, wina wa khonsolo, wina wa mwini malo amene anagulitsa mapuloti osaupereka ku khonsolo. Munthu akapanda kuuzidwa zimenezi amadikira kwa munthu wolakwika miyezi.

Chimz:
Achemwali a injiniya, nanga zija mumalemba kuti zatheka pamene mwangobwera kudzajambula mzere wa penti mozungulira dzenje nkumapita?

Injiniya_Mai2:
Kkkk pentiyo tanthauzo lake taona, tayeza, laikidwa pa mzere. Si kuti zatheka. Vuto ndi mawu amene makompyuta ambiri amagwiritsa ntchito, ali ndi kutsegula ndi kutseka basi. Woyendera akamaliza mbali yake amatseka, ntchito yeniyeni imatsegulidwa kwina ndi nambala ina imene inu simuiona. Komanso pali miyezo, mwachitsanzo makhonsolo ambiri a ku Britain dzenje amaliwerengera kuti nlofunika kukonza msanga likafika mamilimita 40 kuya, losafika pamenepo amangolilemba kuti tiziliyang'anira. Munthu ukauzidwa kuti dzenje lako silinakwane muyezo utha kutsutsa, utha kukwiya, koma ukudziwa chifukwa. Ukangolandira kuti yatsekedwa umaona ngati akukunyoza.

Nachisale:
Apa ndiye pamene ndimafuna. Ndiye khansala akhale womasulira eti, atenge chiyankhulo cha mu ofesi nkuchisandutsa choti ife timve. Yatsekedwa kutanthauza chani, ili kwa ndani panopa, tiyembekezere chani, ndipo adzatiuzanso liti.

Kalaliki Wakale:
Makamaka chomalizacho amayi. Tsiku lokonza khansala asalonjeze chifukwa sali m'manja mwake, ambiri amagwa pamenepo, amati lachisanu abwera pofuna kuti anthu asiye kumuvutitsa, lachisanu lifika palibe, ulemu wake watha. Chimene angalonjeze ndi tsiku lodzayankhulanso. Anene kuti lachisanu ndidzakuuzani chimene ndamva olo chikhale choti palibe chatsopano. Chimenecho chili m'manja mwake.

Wakuseri:
Ine ndikutsutsani nonse pang'ono. Mukuwachulukitsira ntchito anthuwa. Khansala m'malo ambiri si ntchito yolembedwa, amalandira kaalawansi chabe, ena ali ndi ntchito zawo masana, wodi ili ndi anthu masauzande, alibe sekilitale. Foni imalira 2 koloko usiku kuti madzi asiya ngati iye ndi amene amatsegula mpope. Nde mukufuna akhalenso wolemba malipoti sabata iliyonse? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, amene wanena vuto atenge nambala yekha azikafunsa yekha ku ofesi. Kuuza anthu ndi ntchito ya khonsolo imene ili ndi antchito olipidwa, osati ya munthu mmodzi.

Nangozo:
Akulu, chitseko tikutsegula ndithu koma kuseri kwake kuli chitseko china chokhoma. Ine ndikapita ku ofesi amandiuza kuti bwana kulibe. Khansala akapita amamupatsa mpando. Kusiyana kwake nkumeneko, nchifukwa chake tinamusankha.

Bambo a Tadala:
A Wakuseri mbali ina mukunena zoona, khonsolo ndiyo iyenera kukhala ndi dongosolo. Koma kuwerengera kwanu kwa ntchito ndikukukayikira. Meseji imodzi ya lamulungu ija imamupulumutsa mayi uja ku mafoni angati? Popanda iyo aliyense amamuimbira payekha funso lomwelomwelo. Ndipo salemba yekha, pali achinyamata awiri odzipereka amene amasunga mndandanda, iye amangotsimikiza ndi ku ofesi nkutumiza.

Wakuseri:
Ngati pali omuthandiza apo ndavomera. Koma ndaonaponso odzipereka otere akusanduka mageti, kuti dandaulo lako lilowe pa mndandanda uyambe wawapatsa moni wabwino.

Bambo a Tadala:
Nchifukwa chake mndandanda uzikhala poyera. Lako likasowapo umafunsa pa gulu pomwepo anthu onse akuona.

Mphunzi_K:
Pa funso loti kodi kuuza anthu kuli ndi phindu lanji, anafufuzapo. Ofufuza atatu, Sjoberg, Mellon ndi Peixoto, anaunika malipoti opitirira 300,000 a pa FixMyStreet ndipo anapeza kuti munthu amene lipoti lake loyamba linakonzedwa mpata woti adzanenenso vuto lina umakwera ndi kupitirira theka. Ku Boston nakonso Ryan Buell ndi anzake anaona kuti anthu amene ankalandira chithunzi cha ntchito imene yagwiridwa pa dandaulo lawo ankapitiriza kunena mavuto ena kuposa amene sankalandira chithunzi. Nde taganizani mbali inayo. Dera limene anthu sayankhidwa amasiya kunena, mu kompyuta mumaoneka ngati kulibe mavuto, bajeti ikamagawidwa amati uko kuli bwino. Pamene dera la anthu odziwa kulemba ndi kukakamiza limaoneka ngati ndi limene lili ndi mavuto ambiri.

Gogo Nasibeko:
Ndi zimene ndimanena zija. Ofuula amadya, ofatsa amagona ndi njala.

Injiniya_Mai2:
Zoona agogo, ndipo ife timaziona. Nchifukwa chake khansala asamangodikira madandaulo, aziyenda m'wodi ndi kope, makamaka mbali zimene sizimveka pa gulupu. Kukakhala chete sikuti kuli bwino.

Chimz:
Koma pa zithunzi pamenepo a Mphunzi samalani, mungawapatse mphamvu. Wathu uja chithunzi amachikonda heavy, anyamata akhetsa thukuta tsiku lonse iye amafika pomaliza, kuvala chipewa cholimba chija, kuloza pansi ndi chala, kenako pa Facebook ndakukonzerani. Pamene zakanika chithunzi kulibe, munthunso kulibe.

Mphunzi_K:
Kkkk a ku Boston zithunzi zake zinali za ntchitoyo man, dzenje lokwiriridwa, khoma lofufutidwa, osati nkhope ya munthu.

Nachisale:
Ine chithunzi ajambule mmene angafunire, bola pansi pake alembenso zimene zatsala. Wongolengeza zabwino zokha ndiye kuti akupanga kampeni, sakutiuza kanthu.

Nangozo:
Ndibweretse ina imene simunaikhudze. Chinsinsi. Mayi wina anakanena za neba amene amatayira madzi a suweji mu ngalande usiku, ananena mwakachetechete ku inbox. Mawa lake khansala pofuna kuonetsa kuti akugwira ntchito anaponya sikirinishoti pa gulupu, dzina ndi nambala ya mayiyo zili poyera. Mpaka lero nyumba ziwirizo sizipatsana moni, ndipo anthu ena onse anaphunzirapo kuti nkhani ya neba osanena.

Kalaliki Wakale:
Kumeneko ndi kulakwa kwakukulu ndipo m'maiko ena ndi mlandu. Ku Ulaya kuli lamulo la GDPR kuyambira 2018, ku South Africa kuli POPIA imene inayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2021, onsewa amaletsa kumwaza dzina ndi nambala ya munthu popanda chifukwa chomveka. Koma olo popanda lamulo ndi nzeru chabe. Madandaulo alipo a mitundu iwiri. La dzenje, la getsi, la zinyalala ndi la tonse, liikeni poyera koma dzina la wonena silifunika. La phokoso la neba, la womanga popanda chilolezo, la nkhanza m'nyumba, limenelo yankho lipite kwa mwini wake yekha. Pa mndandanda mungolemba kuti nkhani ya ukhondo mbali yakuti ili m'manja mwa oyendera, basi.

Wakuseri:
Nanga za magulupu oti adimini yekha ndiye amalemba mukuti bwanji? Wathu anatseka kuti anthu amatukwana. Panopa timangowerenga ngati nyuzi.

Chimz:
Kutseka ndi mantha basi.

Bambo a Tadala:
Ayi a Chimz, gulupu yotsegula ya anthu mazana inu mukuidziwa. Uthenga wofunika umakwiririka ndi mavesi a m'mawa, malonda a nsapato, mavidiyo, ndi mkangano wa mpira. WhatsApp imalola anthu mpaka 1,024 pa gulupu imodzi, tangoganizani onsewo alembe moni. Kwathu anapanga ziwiri, ina ya zolengeza zokha imene amalemba ndi khansala, ina yokambirana. Ena masiku ano akugwiritsa ntchito ma Channel aja anabwera 2023, ubwino wake otsatira saonerana manambala. Kutseka pakokha si vuto, vuto ndi kutseka osasiya khomo lina loyankhira.

Nangozo:
Ndi kuchotsa anthu ofunsa mafunso ovuta. Ukangofunsa kuti ndalama za ngalande zija zinapita kuti umangoona wachotsedwa. Gulupu ya wodi si ya chipani, muli anthu amene sanamuvotere ndipo nawonso amalipira misonkho.

Mphunzi_K:
Facebook nayonso anthu asaidalire kwambiri, sionetsa positi iliyonse kwa aliyense amene amatsatira tsamba, imasankha yokha. Khansala atha kulemba kuti mawa madzi atsekedwa anthu ambiri nkudzaiona madzi atabwera kale.

Nachisale:
Funso lina a Kalaliki. Khansala akaluza chisankho mndandanda uja umapita kuti? Chifukwa ndaona watsopano akubwera nkunena kuti tiyambirenso, nenaninso mavuto anu onse, ngati dera langobadwa kumene.

Kalaliki Wakale:
Umapita ndi foni yake amayi. Apa ndi pamene a Wakuseri ananena zoona kuti mwini dongosolo akhale khonsolo. Dandaulo lililonse lidutse ku ofesi litenge nambala, khansala akhale wolondola osati nkhokwe. Likakhala mu inbox mwake mokha ndiye kuti pa malamulo silinanenedwe nkomwe, tsiku lina galimoto ikadzagwera m'dzenje lija khonsolo idzati sitinauzidwe ndipo mu mabuku mudzakhaladi mulibe. Inuyo mukamuuza khansala muzimufunsa kuti nambala yake ndi iti. Akakhala alibe, kanenereninso nokha ku ofesi kenako mumutumizire nambalayo kuti ailondole. Komanso komiti ya anthu a m'dera isunge kope lake, la pepala kapena pa kompyuta, losadalira amene wapambana.

Wakuseri:
Nanga kumene ofesi sipereka nambala nkomwe? Kuli malo oti amangolemba m'buku lalikulu ukachoka amalitseka.

Kalaliki Wakale:
Lembani kalata makope awiri, adinde sitampa ya tsiku pa kope lanu, mulijambule. Sitampayo ndiye nambala yanu. Ndipo khansala ali ndi mphamvu imodzi imene inu mulibe, atha kufunsa funso mu msonkhano wa khonsolo kapena wa komiti nkulembedwa m'maminitsi, ofisala amayenera kuyankha. Mumupemphe achite zimenezo pa nkhani zimene zakhalitsa, kenako adzakuwerengereni yankho lake monga mmene lalembedwera.

Gogo Nasibeko:
Adzatiwerengere pa msonkhano, loweruka masana, malonje afupikitse.

Chimz:
Ine ndikukapanga mndandanda ndekha usiku uno, ndiuponya pa gulupu ndi masiku ake ndi malo opanda kanthu oti a Chala adzazemo manambala. A Bambo a Tadala nditumizireni meseji ya lamulungu imodzi ku inbox ndione kalembedwe kake, mufufute mayina.

Bambo a Tadala:
Mulibe mayina, ndi malo ndi manambala basi. Ndatumiza. Koma muyambe mwamuuza payekha musanaponye pa gulu, mukamudzidzimutsa pa anthu adzaona ngati mukufuna mpando wake nde akuchotsani.

Chimz:
Akandichotsa ndimata pa polo ya magetsi yothima ija, pamadutsa anthu ambiri kuposa pa gulupu.

Injiniya_Mai2:
Mukafika pa poloyo mundiwerengerenso nambala yake kkk, ili cha m'mwamba pang'ono mbali yoyang'ana kumsewu.